Thyme wanga akungofota, ndikulakwitsa pati?

dimba_lapakhonde:
Anthuni ndithandizeni. Ndinagula kambande ka thyme, kachitsamba konunkhira kokometsera ndiwo kaja, mu November ndikudzala m'chigubu chodula pakhondepa, ndimathirira m'mawa ndi madzulo ngati mpiru koma pano masamba akuda kuyambira pansi ndipo kamtengo kakungofota. Kapena ndithire feteleza?

mlimi_wa_ku_Zomba:
Ayi achemwali feteleza msiyeni, vuto ndi madzi amenewo. Thyme kwawo ndi ku maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, anazolowera dothi louma lamiyala ndi dzuwa lambiri, ndiye inu mukumuthirira kawiri patsiku kuphatikizanso mvula yayambayi mizu yawola basi. Chigubucho munachiboola pansi? Sakanizani dothi ndi mchenga wa kumtsinje, mumuike poti aziwombedwa dzuwa, muzithirira pokhapokha mukapisa chala n'kumva kuti pauma.

dimba_lapakhonde:
Eeh sindinaboole ine, manyazi bwanji

anganga_a_ku_Leeds:
Hahaha ndiye mwamumiza mwana wanga! Ngati pali nthambi zobiriwirabe dulani zotalika masentimita 8 kapena 10, chotsani masamba am'munsi, zikani mumchenga wonyowa pamthunzi, pakatha masabata ngati anayi zimera mizu. Njere zake zimachedwa kumera musavutike nazo. Komanso pokolola osadula mpaka pa tsinde louma lija, saphukanso bwino.

wokonda_nkhuku:
Ine ndimaponya kanthambi mu nkhuku ya lokolo ikuwira, timasamba timayoyoka tokha kenako ndimangovuula kamtengoko. Mu nyemba amakomanso heavy, koma mu chambo pang'ono chabe apo ayi mungomva thyme yekhayekha. Wouma ndi wamphamvu kuposa wamuwisi ndiye muzichepetsa, ndipo poyanika pamthunzi, padzuwa fungo limathawa.