Phukusi la mphaka wopita kunyumba yatsopano: tiikemo chiyani ndalama zikachepa?

Woyang'anira malo osungira amphaka

Anzanga pantchito, ndithandizeni nzeru. Pamalo pathu mphaka akapeza banja lomutenga timamuperekeza ndi kaphukusi: mbale ziwiri za pulasitiki, timbewa ta nsalu, timipira ta mabelu, ndodo ya nthenga, kabeseni kochitiramo chimbudzi ndi kolala ya m'khosi. Amene ankatigulira zimenezi asiya, ndipo ndalama zomwe tili nazo sizingakwane ngakhale theka la katunduyu. Koma chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi china. Amphaka ena akubwezedwa mwezi usanathe, ndipo madandaulo ake ndi omwewo: wabisala kunsi kwa bedi sakutuluka, wakodza pakapeti, wang'amba sofa. Ndichotsemo chiyani m'phukusili, ndisiyemo chiyani? Nanga zoseweretsa zotsika mtengo zomwe sizingavulaze mphaka ndi ziti?

Mayi wolera ana a amphaka kunyumba

Achemwali, tayang'anitsitsani madandaulo atatu mwatchulawo, kenako muyang'ane m'phukusi lanu. Mulibe pobisala, mulibe pokanda, ndipo beseni mwanena nokha kuti ndi kabeseni. Timbewa ndi timabelu timasangalatsa munthu wotsegula phukusi, koma mphaka amene wangofika m'nyumba yachilendo alibe nato ntchito. Mphaka wamantha sasewera.

Choyamba kuikamo ndi katoni wamba, yosagula n'komwe. Muiboole zitseko ziwiri, china kutsogolo china m'mbali, kuti asamve ngati watsekeredwa pakona. M'katimo muyalemo kansalu komwe wakhala akugonapo kwanuko, ndipo musakachape. Fungo lake lomwe ndi limene limamuuza kuti pano ndi pake. Ine akabwera watsopano ndimamuika m'chipinda chimodzi chaching'ono, katoni pakona, madzi ndi chakudya pafupi, chitseko chotseka. Tsiku loyamba mumangoona maso awiri mumdima. Mukapita m'mawa mupeza mbale yatsika pang'ono. Kenako tsiku lina mumupeza wakhala pamwamba pa katoni, miyendo wapinda pansi pa chifuwa, akukuyang'anani mukulowa. Apo ndiye muyambe kuganiza za masewera. Wopanda katoni amakadzipezera yekha pobisala, ndipo kumeneko ndi kunsi kwa bedi kumene eni nyumba amayamba kumukoka ndi tsache.

Dokotala wa ziweto

Amayi anena zoona, ndipo zinafufuzidwapo. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anatsatira amphaka 19 ongofika kumene pamalo osungira ziweto. Amphaka 10 anawapatsa bokosi lobisalamo, 9 sanawapatse. Okhala ndi bokosi anakhazikika mtima pofika tsiku lachitatu, pomwe enawo zinawatengera pafupifupi masabata awiri. Malangizo a 2013 a mabungwe a madokotala a amphaka a AAFP ndi ISFM onena za zimene mphaka amafuna pamalo okhala amayambanso ndi malo otetezeka, masewera akubwera pambuyo.

Koma ine nkhawa yanga ili pa timbewa tanuto. Tambiri totchipa timakhala ndi mchira wa ulusi, maso omata ndi guluu, ndi kabelu kosokerera pang'ono. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, choncho ulusi ukangolowa m'kamwa zimamuvuta kuulavula, amangomezabe. Nthawi zambiri nsonga imodzi imakodwa kunsi kwa lilime kapena potulukira m'mimba, yotsalayo n'kupitirira m'matumbo. Matumbo amayesetsa kuukankha, koma poti wakodwa kumtunda, amakwinyikira pa ulusiwo ngati nsalu ya siketi pa lamba wa labala, ndipo ulusi umayamba kucheka khoma la matumbo. Pofika patebulo langa mphaka amakhala akusanza, sakudya, ndipo opaleshoni yake imafuna kutsegula matumbo malo angapo. Ndalama za opaleshoni imodzi yotere zingagule mapukusi ambirimbiri.

Chotsanimo chilichonse cha ulusi woluka, maliboni, timalabala tomangira tsitsi ndi timabelu tomasuka. Muwauzenso otenga amphaka kuti akaona ulusi ukulendewera m'kamwa kapena kumbuyo, asakoke. Athamange naye kuchipatala.

Wothandizira dokotala

Ndilowepo pa nkhani ya kukodza pakapeti. Ngati pali pomwe ndalama zanu ziyenera kupita, achemwali, ndi pa beseni ndi mchenga. Beseni liyenera kutalika kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi thupi la mphaka, kuyeza kuchokera pamphuno mpaka pomwe mchira wayambira. Timabeseni tambiri togulitsidwa kuti ndi ta amphaka sitifika pamenepo. Mphaka amafuna kulowa, kuzungulira, kukumba, kudzithandiza, kutembenuka n'kukwirira. Akakhala kuti mutu uli kunja mchira ukugunda khoma, amakapeza pena pofewa.

Chotchipa ndi bokosi lalikulu la pulasitiki losungiramo zovala kapena katundu. Chivundikiro muchotse, mbali imodzi muidule kuti ikhale yotsika polowera, m'mphepete mwadulamo mupalepale kuti musamacheke. Mchenga ukhale wosalala, wopanda mafuta onunkhiritsa, wokuya masentimita atatu kapena kuposerapo. Muwapatse mtundu womwewo umene mphaka wazolowera kwanu, ndipo muwonjezeremo kachikho ka mchenga wa m'beseni lake lakale kuti akauthire pamwamba.

Zina ndi zongowauza pakamwa, sizifuna ndalama. Beseni lisayandikane ndi mbale za chakudya. Azichotsa zoipa tsiku lililonse. Nyumba ya amphaka awiri imafuna mabeseni atatu, oikidwa malo osiyana. Pomwe wakodza asatsukepo ndi mankhwala a amoniya chifukwa fungo lake limafanana ndi mkodzo ndipo amabwererapo. Mankhwala ophera tizilombo aja amene amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi ambiri amakhala ndi phenol, yomwe ndi poizoni kwa mphaka.

Msungichuma wa bungwe lina losamalira ziweto

Zonsezi ndikuzimva, koma ndinene za kumbali ya anthu. Banja labwera ndi ana, asayina mapepala, alipira, ndiye muwapatse katoni yoboola ndi kansalu kosachapa? Ena adzaona ngati tawanyoza, ndipo ndi anthu omwewa amene amadzatithandiza mawa. Ife tinapeza njira ina: timapempha anthu kuti atibweretsere zoseweretsa, timabedi ndi mitengo yokandapo zomwe amphaka awo anasiya. Zimabwera zambiri, zina zooneka zatsopano ndithu. Bwanji osadzaza phukusi ndi zimenezo?

Dokotala wa ziweto

Akulu, pa zinthu zakale ndiye tisamale kwambiri. Simudziwa chifukwa chomwe mphaka wa nyumba imeneyo anasiyira bedi lake. Kachilombo ka panleukopenia, kamene kamapha ana a amphaka m'masiku ochepa, kamatha kukhala ndi moyo pa zinthu kwa chaka chathunthu. Zipere nazo zimakakamira m'nsalu, m'kapeti ndi m'chingwe kwa miyezi yambiri, ndipo zimagwiranso ana a m'nyumbamo. Landirani zolimba zokha, monga mbale za chitsulo, mabokosi onyamulira ndi mabeseni osakandika kwambiri. Muzitsuke kaye ndi sopo, muziviike mphindi 10 m'madzi a kolorini woyeretsera zovala, gawo limodzi la mankhwala pa magawo 32 a madzi, mutsukuluze n'kuziumitsa. Mitengo yokandapo yakale, timbewa ta ubweya ndi makatoni a mphaka wina, ayi.

Mbale za pulasitiki zija ndingasinthe ndi za chitsulo kapena zadothi zosalala, zosazama. Pulasitiki ikakandika imasunga litsiro, ndipo timaona amphaka ambiri otuluka tiziphuphu takuda pachibwano amene amadyera m'mbale zotero.

Mayi wolera ana a amphaka kunyumba

A msungichuma, za kunyozeka musade nazo nkhawa. Zimatengera mmene mwaperekera. Ine katoni ndimaipereka kwa mwana wa m'banjamo, ndimamupatsa cholembera kuti alembepo dzina la mphaka, ndipo ndimamuuza kuti iyi ndi nyumba yake, akalowamo palibe womutulutsa, ngakhale bambo. Ana amalisunga lamulo limeneli kuposa akuluakulu. Sindinaonepo banja likukhumudwa mutalifotokozera chifukwa chake.

Mnyamata wodzipereka

Zikomo akuluakulu, ine ndine watsopano pantchitoyi koma zoseweretsa ndi zomwe ndimapanga Loweruka lililonse. Timipukutu ta katoni totsala pepala la kuchimbudzi likatha ndimatipinda kumapeto, ndimaboola timabowo tiwiri, n'kuikamo timibulu ta chakudya chouma. Amakagubuduza mpaka timibulu tigwe. Thileyi ya mazira nayo ndimamwazamo chakudya kuti azitola ndi dzanja. Pepala lofwinya kukula ngati dzira amalithamangitsa kuposa mpira wogula. Jumbo ya pepala amaikonda, koma ndimadula zogwirira zake kuti asakodwe khosi. Ya pulasitiki sindiyerekeza.

Ndili ndi mafunso awiri. Kodi tingaikemo kanyali ka laser, poti n'kotchipa? Nanga catnip, masamba aja amene fungo lake limasangalatsa amphaka? Komanso adokotala, ngati zonse za chingwe zichoke, ndodo ya nthenga nayo ichoke?

Dokotala wa ziweto

Laser ndisiyeni ndikane. Mphaka amasaka kuti agwire, ndipo kadontho kowala sikagwirika. Ena amatsala okwiya, n'kukalumpha mwendo wa munthu. Ana akamuwalitsira m'maso ndi vuto linanso. Catnip si woopsa, koma pafupifupi mphaka mmodzi mwa atatu samumva n'komwe, ndipo ana a miyezi yoyambirira sachita naye chidwi. Pa ndalama zochepa, asiyeni. Ndodo ya nthenga ndikanakonda ichoke, chifukwa chingwe chake ndi chomwechija ndanena.

Mayi wolera ana a amphaka kunyumba

Adokotala, pa ndodo pokha ndikutsutsani mwaulemu. Pa zoseweretsa zonse, imeneyi yokha ndi imene imamanga ubale pakati pa munthu ndi mphaka wamantha. Munthu amakhala patali, dzanja silifika pa mphaka, nthenga ikukwawa pansi kudutsa pakhomo pa katoni. Mumaona kaye maso akutsatira, kenako dzanja limodzi latuluka. Mphaka amene sakanalola kukhudzidwa amayamba kuyandikira yekha. Ndi imenenso imaphunzitsa ana kuti zala si zoseweretsa, chifukwa mwana wa mphaka wozolowera kuluma zala akakula amabwezedwa kuti ndi wolusa. Mukaichotsa, anthu adzadzipangira yawo ndi ulusi woluka, womwe ndi woopsa koposa.

Dokotala wa ziweto

Mfundo yomalizayo yandigwira, amayi. Ikhalemo, koma m'malo mwa chingwe chopyapyala mumange kansalu kokhuthala, kotambalala ngati zala ziwiri, kosayoyoka ulusi. Ndipo palembedwe pa ndodo pomwepo kuti masewera akatha ilowe m'kabati. Ngozi zambiri zimachitika usiku mphaka ali yekha ndi chingwe. Masewera akhale afupiafupi, kawiri kapena katatu patsiku, ndipo pomaliza azimulola kugwira nthengayo.

Wothandizira dokotala

Tisaiwale sofa. Mphaka sangaleke kukanda. Amachotsa makoko akale a zikhadabo, amawongola msana, ndiponso amasiya fungo lochokera m'mapazi mwake. Chofunika ndi kumupatsa pake. Thabwa lotsala kwa kalipentala, lokulungidwa chingwe cha khonje mothinana, limakwana. Litalike moti aimirire n'kudziwongola thupi lonse, ndipo lisagwedere, chifukwa likangomugwera kamodzi sabwereranso. Timisomali timenyedwe kumbuyo kwa thabwa. Amene amakonda kukanda pansi muwadulire makatoni m'timizere, mutimate chammbali mothinana m'chivundikiro cha bokosi. Akaliike pafupi ndi pomwe amagona, poti amakanda akangodzuka, kapena pambali pa mpando womwe wayamba kuuwononga. Kuseri kwa chitseko kumene sapitako sikuthandiza.

Zoseweretsa asazitulutse zonse pamodzi. Ziwiri lero, zina azibise, pakatha masiku asinthe.

Woyang'anira malo osungira amphaka

Mwandimasula, anzanga. Ndalama zipita ku bokosi lalikulu la chimbudzi, thumba la mchenga, mbale za chitsulo ndi chakudya cha sabata yoyamba chomwe wazolowera, kuti akasintha asinthe pang'onopang'ono. Katoni, thabwa la khonje, ndodo ndi timipukutu tipanga tokha. Achimwene odzipereka, ndikufunani mudzaphunzitse anyamata athu. Timbewa, mabelu ndi kolala zatuluka. Chatsala ndi bokosi lonyamulira, lomwe ndi lodula kuposa zonse. Ena amabwera chimanjamanja n'kufuna kumunyamula pamiyendo m'galimoto.

Msungichuma wa bungwe lina losamalira ziweto

Limenelo musapereke, bwereketsani. Ife tili ndi ochepa olembedwa manambala, ndipo banja limabweza pobwera ndi mphaka kudzabayitsa katemera wotsatira, litagula lawo. Ubwino wake, amabweradi ku katemerayo. Gulani olimba amene denga lake limachoka, amatsukika bwino ndipo dokotala amatha kumuyeza mphaka ali m'munsi mwake osamukoka.

Dokotala wa ziweto

Muwonjezere pepala limodzi, mulimate pa katoni kuti lisatayike. Palembedwe kuti mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin asamuthire mphaka, amamunjenjemeretsa mpaka kukomoka. Paracetamol asamupatse ngakhale kachidutswa, chiwindi cha mphaka sichitha kumugaya. Maluwa a lily asalowe m'nyumba, ngakhale ufa wake wokha umawononga impso. Kubisala masiku oyamba si matenda, koma akatha masiku awiri osadya kanthu ayimbe foni, chifukwa mphaka wosadya amadwala chiwindi msanga, makamaka wonenepa. Wamphongo akamalowalowa m'beseni, akudzikakamiza koma mkodzo osatuluka, asadikire kuti kuche. Pansi pake muike nambala ya malo anu ndi ya chipatala chomwe chimatsegula usiku.