Zithunzi zonse mu Pictures zasowa, ndipite nayo akaifomate?

Nachisale_wa_awiri

Moni nonse, ndithandizeni chonde mutu wanga sukugwira. Ndili ndi laputopu ya Windows 10, batire yake inafa kalekale nde imangodalira chaja. Dzulo madzulo ndimasankha zithunzi za chinkhoswe cha mng'ono wanga zoti ndikatsukitse, magetsi anathima mwadzidzidzi laputopu nayo nkuzima pompo. Lero mmawa ndayatsa, kutsegula Pictures mulibe olo chimodzi. Munali za zaka zambiri, za ubatizo wa ana, za chinkhoswecho, komanso za maliro a mayi anga ndi tsiku lomwe tinamanga chiliza, izi nde zikundiwawa kwambiri chifukwa foni yomwe ndinajambulira inabedwa mu minibasi nde kwina kulikonse kulibe. Mu Recycle Bin mulibenso. Ngakhale chithunzi cha mwana wanga chomwe chimakhala pa skirini chachoka, pabwera cha buluu chija. Mnyamata wina wokonza mafoni kuno akuti ndimupatse aifomate aikemo Windows ina, ndipite nayo?

Kamnyamata_ka_IT

AYI achemwali, musapite nayo, kufomata nde kuzikwirira zithunzizo. Ndipo pakali pano musasungemo kalikonse, musadawunilode, musakoperemo mafilimu a ana. Fayilo ikafufutidwa sikuti imachoka pompo pa disiki, kompyuta imangolemba kuti malo awa ndi opanda mwini, nde chinthu chatsopano chikabwera chimakhala pomwepo, apo nde zapitadi. Yambani ndi chophwekachi: tsegulani This PC, pa kabokosi kofufuzira kali kumwamba kumanja lembani *.jpg, muisiye ifufuze olo itenge mphindi makumi awiri. Nthawi zambiri foda imakhala kuti yangokokedwa ndi mausi nkugwera mu foda ina, ine zinandichitikirapo za ukwati ndinakazipeza mu Music.

Mjomba_wa_pa_Joni

Onaninso OneDrive mayi, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti. Ngati munalowapo ndi akaunti ya Microsoft nkuvomera zoti izisunga mafoda anu, Pictures imasamuka, imakakhala mkati mwa foda ya OneDrive, nde munthu umayang'ana malo akale nkumaona ngati wabedwa. Lowani pa onedrive.com ndi foni, ilinso ndi bini yakeyake yomwe imasunga zofufutidwa masiku 30. Kungoti yaulere ndi 5 GB basi nde ngati zinali zambiri sizikanakwana zonse. Zikakanika pali Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, ndi yaulere, koma muiike pa fulashi osati mu laputopu momwemo, ndipo zomwe yapeza muzisungenso kwina. Ngati disiki yanu ndi SSD musayembekezere zambiri, imeneyo imasesa msanga zofufutidwa, hadi disiki yakale ija nde imakhululuka.

Nachisale_wa_awiri

Zikomo ankolo koma OneDrive sindinayambe ndaigwiritsapo ntchito, ndi bandulo yake iti? Zinazo za SSD sindikuzidziwa, ndi laputopu yolemera yakale imalira ikamayaka.

Fundi_Wamkulu

Anyamata inu mwathamangira Recuva koma simunamve bwino zomwe amayiwa anena. Akuti chithunzi cha mwana pa skirini chachokanso. Munthu wofufuta zithunzi mu Pictures sangasinthenso skirini, ndiye apa nkhani si kufufuta. Amayi, ndiyankheni izi: zomwe zimakhala pa desikitopu zilipo? Mu Documents muli kanthu? Ndipo poyatsa sikanabwere kauthenga konena kuti "We can't sign in to your account" kapena "You've been signed in with a temporary profile"?

Chimachitika ndi ichi. Windows imasunga zinthu za munthu aliyense mu foda yakeyake pansi pa C:\Users, ndipo muli kafayilo kotchedwa NTUSER.DAT komwe imawerenga mukamalowa kuti idziwe kuti uyu ndi uje, skirini yake ndi iyi, zinthu zake zili apa. Magetsi akathima ili mkati molemba kafayilo kameneka kamatha kuonongeka, nde mmawa ikalephera kukawerenga imakulowetsani mchipinda cha alendo, chosesa bwino chopanda katundu, pomwe katundu wanu ali chikhalire chipinda chinacho chitseko chili chotseka. Pictures yomwe mukuionayo ndi ya chipinda cha alendocho.

Tsegulani This PC, kenako Local Disk C, kenako Users. Mukaona foda yolembedwa TEMP pambali pa ina ya dzina lomwe mumalowera, basi ndi zomwezo. Lowani ya dzina lanuyo, ikafunsa chilolezo dinani Continue, mupite mu Pictures ya mmenemo. Mukazipeza chinthu choyamba koperani pa fulashi, zokonza pambuyo. Koma chenjezo, musazikopere pa desikitopu yomwe mukuionayi, ndipo olo zitavuta bwanji musachite Cut, chifukwa zonse zosungidwa mu TEMP zimafufutika mukangotuluka kapena kuzimitsa. Ndinaonapo bambo wina atazipeza bwinobwino nkuzisamutsira pa desikitopu ya TEMP kuti zikhale pafupi, mawa lake analira ngati mwana.

Nachisale_wa_awiri

Abambo inu Mulungu akudalitseni!! Kauthengako kanabweradi mmawa ine ndinangodina Close osawerenga, ndimaona ngati ndi zija za ma update. TEMP ilipo, ya dzina langa ilipo, ndalowa ZONSE zilimo, ndatsegula cha mayi atakhala pakhonde akusenda chimanga ndangokhala pansi manja akunjenjemera. Vuto fulashi yanga ndi ya 8 GB pomwe fodayo ikuonetsa 23 GB, ndayamba ndi za maliro ndi za chiliza, zinazo ndibwereka hadi disiki kwa alamu anga madzulo. Nde ndiisiye choyaka mpaka nthawi imeneyo? Nanga magetsi akathimanso?

Fundi_Wamkulu

Mutha kuzimitsa bwinobwino ndi Shut down, za mu foda ya dzina lanu sizikhudzidwa. Mukamaliza kukopera zonse ipangeni Restart kawiri katatu, nthawi zina imakubwezerani yokha mchipinda chanu. Ikakana, tipanga akaunti yatsopano nkusamutsira katundu mmenemo, ndi ntchito ya ola limodzi yosafuna kufomata. Batire ija gulani ina. Ndipo fulashi yomwe mwaikamo za mayiyo isapite kotsukitsa zithunzi, makompyuta a malo otere amalowetsedwa mafulashi a anthu ambirimbiri tsiku lonse nde kavairasi kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kaja sikasowa. Za chinkhoswezo muike pa ina.

Kamnyamata_ka_IT

Apa nde mwatiphunzitsa bwana, ine za skirinizo ndinangozidumpha. Achemwali mnyamata wofomata uja mungomupatsa moni basi.