Sayansi akukhoza, Chingerezi ndiye chikumubweza: titani?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni maganizo. Ndikulera mwana wa achemwali anga, mtsikana, ali Grade 11 pa sukulu ya boma. Masamu ndi Life Sciences amapitirira 70, Physical Sciences nayonso sadandaulitsa. Koma Chingerezi akungozungulira pa 54, 55. Pulayimale anaphunzira kumudzi, kuno anafikira Grade 8, ndipo anamuika pa English Home Language pamodzi ndi ana obadwira konkuno.

Mtima wake uli pa maphunziro a zachipatala: Physiotherapy ku yunivesite ya Wits, ikakanika ndiye Radiography ku UJ (University of Johannesburg) ya ku Doornfontein. Aphunzitsi ake akuti ku Wits amafuna Level 5 pa Chingerezi, 60 kupita m'mwamba, ngakhale sayansi akhoze bwanji. Kodi tingamusinthe apite First Additional Language, Chingerezi cha ana amene si chinenero chawo cha kunyumba? Ndipo kandalama kamene ndimalipira mphunzitsi wa masamu Loweruka, ndikasamutsire ku Chingerezi? Ziwiri zonse sindingakwanitse, ndimagwira m'nyumba ya azungu.

Mayi wina wa ku Rosettenville: Asisi, thamangani kwa ahedi chaka chino chisanathe. Akalowa Grade 12 kusintha phunziro kumavuta kwambiri. Ku Wits Level 5 yo amailandira kaya ndi ya Home Language kaya First Additional, ndiye palibe chifukwa chomuvutitsira mwana ndi mapepala olembera eni chinenero. Bola sukuluyo ikhale kuti imaphunzitsa First Additional, chifukwa si zonse.

Bambo wina: Masamu musasiye mayi. Ana ambiri amagwera pamenepo.

Wophunzira unamwino: Pepani bambo, ndikutsutsaniko pang'ono. Mwana wa 70 pa masamu akhoza kudzikoka yekha ndi mapepala a zaka zam'mbuyo. Chimene sichinatchulidwe pano ndi NBT (National Benchmark Tests), mayeso apadera a ofunsira malo ku yunivesite. Ofunsira zachipatala ku Wits amalemba mapepala awiri, la AQL ndi la masamu. AQL ija ndi kuwerenga nkhani zazitali za Chingerezi, matebulo ndi magirafu, nthawi ikuthamanga, ndipo sungaloweze pamtima ngati zigawo za thupi. Ndiye ngakhale asinthe n'kupeza 65 pa First Additional, Chingerezi chidzamupezanso kumeneko. Ine ndalamazo ndikanaika pa Chingerezi, koma kwa mphunzitsi womuwerengetsa ndi kumulembetsa, osati wongomupatsa manotsi a ndakatulo. Kumbukiraninso kuti pofunsira malo amayamba kuona zotsatira za kumapeto kwa Grade 11, ndipo zachipatala ku Wits amatseka kulandira mafomu pa 30 June. Mayeso amene akubwerawa ndi amene adzamutsegulire kapena kumutsekera.

Mwini funso: Eee, ndiye nthawi yatha kale chonchi? Nanga Life Orientation, paja amapeza 80, singamukwezeko?

Wophunzira unamwino: Ku UJ saiwerengera n'komwe pa APS, mapointi amene amawonkhetsa polowera ku yunivesite. Ndipo phunziro lina silikwirira dzenje la Chingerezi, chilichonse chili ndi mlingo wake.

Mayi wa ku Rosettenville: Komanso mapepala ake ali bwanji? Pasipoti ndi study permit zionetsetseni panopa, musadikire kalata ya malo.

Mwini funso: Pasipoti ilipo, permit ikutha chaka chamawa. Lolemba ndipempha kwa abwana ndikaonane ndi ahedi. Amene akudziwa mphunzitsi wa Chingerezi cha ku Turffontein, wosadula kwambiri, andilembere ku inbox chonde.