Zija ndinafunsa za phokoso kuntchito: tayeza tsopano

Mwezi watha ndinafunsa ngati pulogalamu ya pa foni ingakwanire kuyeza phokoso m'chipinda chathu chopalira matabwa, poti anyamata awiri ankadandaula kuti akaweruka makutu amangolira. Ambiri munati foni imangoyerekeza, tipeze dosimeter, kachipangizo koyeza phokoso lonse limene munthu wakumana nalo pa tsiku. Munanena zoona.

Tinabwereka kachipangizoko. Amakamangirira paphewa, pafupi ndi khutu, munthu n'kugwira nako ntchito tsiku lonse. M'mawa ndi madzulo timakayesa kaye ndi calibrator, chida chotulutsa phokoso la mlingo wodziwika kale, kuti kasatinamize. Ine ndinkaloza chala makina opalira basi. Ayi ndithu. Amene anapitirira kwambiri malire a madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 pa maola 8 ndi mnyamata wodula ndi sowo yamagetsi, yemwe amakhalira kuwerama mutu uli pafupi ndi mpeni.

Chinandidzidzimutsa ndi kawerengedwe kake. Malinga ndi bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yololedwa kukhala m'phokosolo imatsika ndi theka: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2. Koma kungomvetsera ndi khutu, kusiyana kwakeko kumaoneka ngati kochepa.

Kompuresa taitulutsa panja, mipeni ya sowo tanola poti yobuntha imalira kwambiri, ndipo odula akusinthana. Zotsekera m'makutu tinali nazo kale, kungoti ena ankangozikhazika kunja osazilowetsa bwino, ngati zokongoletsera. Lachiwiri onse akukayezetsa makutu, kuti chaka chamawa tidzakhale ndi poyerekezera.