Denga la asibesitosi pa buloko yakale ya asilikali: tidule kapena tichotse?

Kontilakita wa ku Chawama, Lusaka: Akuluakulu, ndalandira ntchito yondisowetsa tulo. Bwana wina wagula buloko yomwe kale munkagona asilikali, pa kakampu kotsekedwa kunja kwa tauni, akufuna ikhale bodingi ya ana a koleji. Ndi holo imodzi ya mamita 30, ndiigawe zipinda 10. Makoma ake msomali ukuchita kupindika. Vuto ndi denga: malata a asibesitosi, ena ang'aluka. Bwana akuti ong'alukawo tidule ndi girainda tiikepo oonekera, zidutswa amangire khola la nkhuku. Anyamata ayamba mawa.

Mdala wa madenga, Matero: Mwanawe, girainda ibwezere m'bokosi. Malatawo akakhala phee alibe mlandu, koma ukawadula kapena kuwaboola fumbi lake limakakamira m'mapapo osatulukanso. Matenda amadzaoneka patapita zaka 20 kapena 30, bwana wako atadya kale lendi. South Africa inaletseratu asibesitosi mu 2008. Ife tinkadula opanda chophimba kukamwa, kutuluka titayera mbuu ngati a kuchigayo, n'kumaseka. Mnzanga amene tinkakwera naye lero akayenda pang'ono amaima kufuna mpweya.

Wowotcherera wa ku Kalingalinga: Osadula malata, dulani mabawuti okowa aja ogwira malata ku mitanda. Agwira dzimbiri, sipanala siwatheka, koma chodulira mabawuti chachikulu chimawamaliza popanda fumbi. Lata litsike lathunthu, anthu awiri pansi kulandira, osaponya.

Mdala wa madenga, Matero: Eya. Uyambe wanyowetsa ndi madzi a sopo pang'onopang'ono, osati mpope wamphamvu. Masiki akhale a P3, osefa fumbi losaoneka ndi maso, tija ta nsalu ta nthawi ya korona n'tachabe. Yalani matabwa poponda, lata lakale limaphwanyika ngati bisiketi, munthu n'kupezeka pansi. Zovala zogwirira ntchito zisapite kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi za ana.

Mayi wa mapulani, Kabwata: Achimwene, za khola la nkhuku iwalani. Asibesitosi ndi zinyalala zoopsa, afunseni a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kokataya ndi amene ali ndi chilolezo chonyamula. Mukulunge mu pulasitiki wokhuthala, muwunjike pamodzi, mulembepo. Koma ine funso langa ndi lina: bwana wanu wakuonetsani taitolo ya malowo? Malo omwe anali a boma amavuta, ena amagula ndi kalata chabe. Komanso kusandutsa malo a asilikali kukhala bodingi kumafuna chilolezo cha khonsolo chosinthira ntchito ya malo, lamulo la mapulani la 2015 limatero. Akadzaimitsa ntchito, simenti youma m'matumba ndi yanu.

Kontilakita wa ku Chawama: Mayi, taitolo ndaiona ndi maso. Zakukhonsolo akuti "zili m'njira".

Mayi wa mapulani, Kabwata: Ndiye nanunso khalani m'njira. Denga chotsani, makoma a zipinda adikire chidindo.

Pulambala wa ku Mtendere: Ndilowepo pang'ono. Musadalire sepitiki yakaleyo osaitsegula, pansi pa Lusaka ndi mwala wa laimu wamabowo, zoipa zimathamangira ku mijigo. Kolera wa 2024 tonse tikumukumbukira. Ndipo pokumba, khasu likagunda kachitsulo kachilendo, anyamata asathamangire nako kwa ogula zitsulo. Pamalo pa asilikali pamatsala zipolopolo. Siyani pomwepo, itanani apolisi.

Mdala wa madenga, Matero: China, ukamaika malata achitsulo a IBR usangokhomera pa mitanda yakale. Ibaye ndi sikuludiraiva, chiswe chimadya m'kati kunja kuli bwinobwino. Ndipo malata achitsulo opanda silingi, mwezi wa Okutobala anawo adzapsa.

Kontilakita wa ku Chawama: Zikomo nonse. Ndawaimbira bwana, poyamba anakalipa kuti ndikukweza mtengo. Nditawafunsa ngati angadye mazira a m'khola limenelo anakhala chete, kenako avomera denga lonse lichoke. Mawa ndiyamba ku ZEMA. Achimwene a ku Kalingalinga, chodulira chija mungandibwereke mpaka Loweruka?

Wowotcherera wa ku Kalingalinga: Bwerani m'mawa ndisanatuluke. Chibwere ndi mano ake onse.