Owerenga agawikana pa buku la akazi awiri, ndikonze pati?

aNaphiri (mkonzi, Ulongwe):
Akonzi anzanga, ndibwerekeni nzeru. Mtsikana wina wa kuno ku Angónia walemba buku m'Chichewa. M'bukuli, mayi wina akupikisana nawo pa upulezidenti, ndipo ali paubwenzi wamseri ndi mkazi mnzake amene amamulembera zoyankhula pamisonkhano. Ndinagawa mitu yoyamba kwa owerenga oyesa, mayankho abwera osagwirizana. Ena akuti chotsani chikondicho, akhale anzake chabe. Ena akuti chikondicho n'chogwira mtima koma ndale zake sizakuno. Wolembayo akudikira ndemanga yanga ndipo sindikufuna kumufooketsa, pakuti dzanja lake n'labwino. Ndiyambire pati?

aJere (wosindikiza, Tete):
Mayi Naphiri, amene akuti chotsani chikondicho akufuna buku lina. Athokozeni, koma musawatsatire. Za lamulo musade nkhawa: kuno ku Mozambique lamulo la milandu lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2015 linachotsa ndime zachitsamunda zomwe zinkakhudza amuna kapena akazi okondana okhaokha. Koma ku Malawi udakali mlandu, ndipo khoti linatsimikizanso zimenezi mu June 2024. Owerenga Chichewa ambiri ali kutsidya kwa malire a Calómuè, ku Malawi, ndiye mum'funse ngati akufuna dzina lake lenileni pachikuto.

aNangozo (wolemba masewero a pawailesi, Moatize):
Achemwali, mitu munanditumizira ija ndawerenga. Gulu lachiwirilo likunena zoona, ndipo ntchito yanu ili pamenepo. Mwanayu wakula akumvera wailesi za ku Malawi ndipo zikuonekera. Walemba kuti mayiyo akusankha womutsatira kuti adzakhale wachiwiri kwa pulezidenti. Kuno udindo umenewo kulibe. Pulezidenti akapambana amasankha nduna yaikulu. Walembanso State House, pomwe ife timati Ponta Vermelha. Wowerenga wa ku Tete akapeza zoterezi, sakhulupiriranso ngakhale misozi ya awiriwo.

Chimene chandiwawa n'chakuti ndale zathu zikanamupatsa zinthu zokoma kuposa zimene wabwereka. Wofuna kuima pa upulezidenti amasonkhanitsa masiginecha 10,000 kupita nawo ku Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko. Taganizani awiriwo pamphasa usiku akusanja mapepalawo, wina akuwerenga maina mokweza, mnzake akuyang'ana pakamwa pake osamva n'komwe dzina lililonse. Kapena usiku wowerenga mavoti m'kalasi ya sukulu, nyali ikuthima, edital, pepala la zotsatira za mavoti, ikumatidwa pachitseko, onse awiri chala chili ndi inki koma sangagwirane dzanja chifukwa anthu a chipani ali ponseponse. Chikondi chamseri chimafuna malo opanikiza otere. Panopa wawaika m'mahotela okhaokha.

Bambo Mbewe (wogulitsa mabuku, Furancungo):
Ine ndilankhule ngati wamalonda. Makasitomala anga ambiri ndi amayi a mvano ndi aphunzitsi. Buku limeneli sindingaliyale pambali pa mabuku a nyimbo za m'tchalitchi, mawa ndidzapeza benchi langa lopanda munthu. Sindikunyoza mwanayo, ndikunena za msika wanga.

aNaphiri:
Bambo Mbewe, ndamva ndipo sindikukakamizani. Koma mukadakhala inu, mukanalitulutsa bwanji?

Bambo Mbewe:
Lembani poyera kumbuyo kwa buku kuti ndi nkhani ya akazi awiri okondana. Wogula adziwiretu. Mkwiyo waukulu umachokera kwa munthu amene wapereka ndalama zake n'kukazindikira ali pakati pa buku. Ndipo yambani ndi PDF pa WhatsApp, alipire pa M-Pesa kapena e-Mola. Alipo amene adzawerenga pafoni koma sangalinyamule m'manja m'shapa (minibasi).

aJere:
Pali china chimene palibe wachitchula. Mayi wa m'bukuli ndi wa ku Tete ndipo anakhalapo nduna yaikulu. Aliyense aganiza za Luísa Diogo, amene anabadwira m'chigawo chathu, anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010, n'kupikisana ndi Filipe Nyusi mkati mwa Frelimo mu 2014. Si chilungamo kumangirira nkhani yopeka pa munthu weniweni, ndipo ine sindingasindikize zili choncho. Amusinthe akhale namwino kapena loya, chipani chikhale chopeka, mtundu wa kapulana (zitenje) zake usafanane ndi wa chipani chilichonse.

aNangozo:
N'zoona aJere. Ndiwonjezere kamodzi: wowerenga wina analemba m'mphepete mwa tsamba kuti n'chifukwa chiyani wolemba zoyankhulayo ndiye amangolira, mayi wandaleyo sataya kanthu. Ndemanga imeneyo isatayike. Ngati mpando ndi chikondi sizilimbana mumtima mwa mayiyo, buku lilibe msana.

aNaphiri:
Zikomo nonse. Ndimuuza kuti chikondi chikhale momwe chilili, alembenso ndale zonse potsata chisankho cha pa 9 October 2024 momwe anachionera yekha, ndipo asinthe mbiri ya mayiyo. Za dzina la pachikuto asankha mwini wake. Achemwali Nangozo, akamaliza mutu wachitatu ndikutumizirani inu poyamba, mundionere za usiku wa mavotiwo.