Mwana wazaka 10 akukodzabe pogona, ndiyambire pati?

Admin mundibisire dzina chonde. Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Bangwe, ndili ndi mnyamata wazaka 10 yemwe mpaka pano amakodza pogona, chibadwire sanasiyepo. Madzi ndi tiyi ndimamuletsa kukangoda, pakati pa usiku ndimamudzutsa, koma amagona tulo tofa nato, kukacha pamakhala ponyowa basi. Matiresi ndinakutira pulasitiki, koma mabulangete ndi chiperoni chino sakuuma n'komwe.

Kuchapa ndingapirire. Chikundiwawa n'chakuti mwanayu wayamba kudzida. Amalawirira m'bandakucha kukabisa zofunda, kwa asuweni ake amakana kukagona, ndipo anzake apalaini ayamba kumugemula. Agogo ake akuti timumangirire chule m'chiuno, bambo ake akuti ndi ulesi, akufunika mkwapulo. Ine zonsezo ndakana, munthu ali m'tulo angachite bwanji dala? Kodi kuchipatala amathandiza zoterezi?

Mayankho

Mayi, mwachita bwino kukana mkwapulo, mantha amangowonjezera vutolo. Achipatala amayamba kulilabadira mwana akapitirira zaka 5, ndiye musazengereze. Yambirani pachipatala chaching'ono chakwanuko akamuyeze mkodzo ndi shuga, akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queens. Mukawauze ngati amamva kuwawa pokodza, ngati ludzu limamuvuta kwambiri, kapena ngati mkodzo umatuluka ndi magazi, chifukwa likhoza kukhala likodzo. Onetsetsaninso ngati sakudzimbidwa, poti chimbudzi chikadzaza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo. Alipo mankhwala otchedwa desmopressin ochepetsa mkodzo usiku, koma akulembereni ndi dokotala, osangokagula nokha.

Nthawi zambiri izi zimayendera mtundu, tafufuzani kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Ine ndi mlongo wanga tinasiya mochedwa, koma tinasiya. Zachulezo zinandichitikira, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Musalole.

Musamumane madzi tsiku lonse ayi. Masana azimwa mokwanira, muzingochepetsa madzulo, ndipo azikodza kaye asanalowe m'zofunda. Ngati chimbudzi chili panja muikireni kandowa pafupi, ana ena amaopa mdima.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Zodzimbidwazo mwalasa, amatha masiku osapita kuchimbudzi koma sindinkadziwa kuti n'zogwirizana. Nanga popita kuchipatalako, mkodzo ndichite kutengera kunyumba m'kabotolo, kapena akakodza konko?